A Sipoko ndi mlamu wawo wa wezulo

A Sipoko akhala akukonza njinga pa khonde limodzimodzi kwa zaka zoposa makumi awiri. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a mpira kalekale chifukwa cha kuonda kwa miyendo yawo ngati masipoko a njinga, ndipo atayamba ntchito ya njinga linangowakhala ngati anachita kuwayeza. Khonde lawo lili pakati pa wometa ndi telala, moyang'anizana ndi golosale. Pali benchi limodzi, pampu, bokosi la masipanala ndi beseni la madzi akuda loviikamo machubu. Ndi munthu wa mawu ochepa. Ukawafunsa kuti njinga itha liti, amangoti, "Ikafuna."

Akazi awo amakolopa pa sukulu ina, ndipo ali ndi mchimwene wawo mmodzi yekha, amene aliyense amamudziwa kuti a Refa chifukwa anaimbira mpira zaka zambiri. A Sipoko ali mnyamata ankasewera kumbuyo, nambala faivi, ndipo a Refa anawatulutsapo m'bwalo kawiri ndi khadi yofiira. Kenaka a Sipoko anakwatira mlongo wa a Refa, chilamu chawo n'kukhala cha nthabwala zokhazokha.

"Alamu, khadi yachiwiri ija munandilakwira," ankatero a Sipoko.

"Ndinakuchitirani chifundo alamu. Mwendo wa mwana wa eni uja munayenera kukaufotokoza ku polisi."

A Refa anayamba kusintha patapita chaka akazi awo atamwalira. Poyamba zinali zoseketsa: kufunsa funso limodzi kanayi, kuvala malaya awiri kunja kukutentha. Kenaka anayamba kuiwala ketulo pa moto mpaka inaboola, n'kumakalipira oyandikana nawo kuti awabera wezulo, koma wezuloyo n'kupezeka m'chitini cha shuga. Tsiku lina mlongo wawo anawapeza ataima pa chipata cha nyumba yawo yomwe, akufunsa odutsa kuti eni ake apita kuti.

Ku chipatala adokotala anawayeza, kuwafunsa tsiku ndi chaka, kuwauza kuti ajambule wotchi pa pepala. Pomaliza anafotokoza kuti ndi matenda a mu ubongo otchedwa dimensha, amene amafufuta zimene munthu amakumbukira pang'onopang'ono, kuyambira za dzulo, za kale n'kutsalira. Anati mankhwala ochiziratu palibe, koma munthu amakhala bwino akamakhala pakati pa anthu omumvetsa, osamukalipira kapena kumutsutsa pa chilichonse.

"Achimwene sangakhalenso okha," anatero akazi a a Sipoko ali m'njira.

"Chipinda cha ana chija chikungosunga matayala," a Sipoko anayankha. Nkhani inathera pomwepo.

Vuto linali masana, onse awiri akapita ku ntchito. Lolemba loyamba anawasiyira chakudya ndi wayilesi, n'kukhoma chitseko panja. A Sipoko atabwera kudzawazonda masana anawapeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, nsapato zili m'manja, akulira mosatulutsa mawu.

"Ndalakwa chiyani kuti anditsekere?" anafunsa a Refa.

A Sipoko anawaveka nsapato, kuwakweza pa kaliyala ya njinga, n'kupita nawo ku khonde. Chitseko chija sanachikhomenso.

Masiku oyamba a Refa ankangoimirira n'kukhala, kuimirira n'kukhala. Ndiye a Sipoko anawasunthira beseni pafupi, kuwapatsa chubu chopopa kale, n'kuwaonetsa mozunguzira m'madzi. A Refa anazunguza chubucho pang'onopang'ono, maso ali tcheru. Thovu litangotuluka anatola wezulo wa pakhosi n'kuimba, chala chili pa bowo.

"Faulo apa."

Inakhala ntchito yawo. Bowo lililonse, ngakhale laling'ono ngati la singano, silinkawadutsa. Nthawi imeneyo anali ataiwala kale kuti a Sipoko ndi mlamu wawo, koma nkhope ankaidziwa, ndipo ankawaitana kuti Nambala Faivi.

Si onse anasangalala nazo. Makasitomala ena ankaima patali, n'kumapereka njinga ngati akupatsira galu wolusa. Mayi wina anakoka mwana wake kuti asakhale pa benchi, ati misala imapatsirana. Mwini golosale ankatsatira a Refa ndi maso akalowa m'golosalemo. A Sipoko ankamva manong'onong'o onsewo, n'kumangomanga manati awo.

Chimene chinawatsegula pakamwa chinachitika Lachisanu lina, dzuwa lili paliwombo. Anawerama kulumikiza tcheni, podzuka anapeza pa beseni palibe munthu. Asanafunse n'komwe, anamva wezulo kumphambano, ndi mahutala a galimoto. A Refa anali ataima pakati pa msewu, dzanja m'mwamba, akuimitsa minibasi ngati osewera. Dalaivala wina anatsika n'kuwagwira pa kolala, anthu n'kuunjikana, ena akuseka, ena akuti chidakwa chimenechi chimenyedwe. A Refa ankangoimbabe wezulo.

Anayamba kufika ndi telala, mayi wamfupi wokhala ndi tepi pakhosi nthawi zonse. Sanakangane ndi dalaivala. Anangolowa pakati, n'kugwira a Refa pa mkono.

"A Refa, nthawi yopumulira yakwana. Tiyeni mukamwe madzi, chigawo chachiwiri chisanayambe."

A Refa anayang'ana pa dzanja pomwe kale pankakhala wotchi, anagwedeza mutu, n'kutsatira bwinobwino.

"Mwadziwa bwanji zonena?" a Sipoko anafunsa telalayo atabwerera pa khonde.

"Ndakhala ndikukumverani kuseri kwa khomali miyezi itatu. Makina anga sasokosa kwambiri ayi."

M'mawa mwake a Sipoko sanatsegule bokosi la masipanala. Anayenda khomo ndi khomo mumsewu wonsewo, ku golosale, ku butchala, kwa ogulitsa makala, mpaka pa siteji ya minibasi. Mawu anali omwewo paliponse: alamu anga akudwala, si misala, si mowa, sizipatsirana, mukawaona akupita kumsewu musawathamangitse, muwaitane kuti a Refa n'kuwapatsa pokhala. Munthu amene ankatha tsiku ndi mawu khumi analankhula mpaka kukhosi kunauma. Anapitanso ku chipatala kukapempha namwino wina kuti adzafotokoze yekha, poti iwo mafunso ena ankawakanika.

Namwinoyo anabwera Lachitatu masana. Anabwereka mabenchi kwa wometa, ndipo panasonkhana anthu pafupifupi makumi awiri, dalaivala uja ali kumbuyo, chipewa chili m'manja. Mafunso anali ambiri. Kodi munthu akakufunsa za mkazi wake amene anamwalira, umuuze zoona? Namwino anati kumuuza tsiku lililonse ndi kumuliritsa maliro tsiku lililonse, bola kumufunsa kuti mkaziyo anakumana naye kuti. Mwini golosale anafunsa ngati zimagwira okalamba okha. Wina anafunsa ngati zimayamba chifukwa choganiza kwambiri, wogulitsa makala n'kunena kuti ngati ndi choncho amuna ake ali pabwino. Anthu anaseka mpaka namwino yemwe.

Anthu atabalalika, wometa anatsala akupukuta lumo lopukuta kale.

"A Sipoko, amayi anga ali chimodzimodzi," anatero motsitsa mawu. "Chaka chachiwiri tsopano ali m'chipinda cha kuseri. Ndinkachita manyazi."

"Benchili ndi lalitali," a Sipoko anayankha. "Mubwere nawo mawa."

Amayi a wometa anabwera atavala juzi ya buluu, akuphethiraphethira ndi kuwala. Kale ankagulitsa nsalu, choncho telala anawapatsa chitini cha mabatani kuti azisankha, oyera paokha, akuda paokha. Madzulo telala amawasakanizanso. Anasokanso kansalu kolembedwa nambala ya foni mkati mwa kolala ya malaya onse a a Refa ndi m'majuzi a mayiwo. Pa siteji ya minibasi anagwirizana kuti mdala wa wezulo asamakwezedwe yekha. Kawiri konse dalaivala uja ndi amene anawabweza, akuyenda nawo pang'onopang'ono n'kumakambirana za penate ya zaka makumi atatu zapitazo.

A Refa ndi mayiwo amapatsana moni mwaulemu m'mawa uliwonse ngati akumana koyamba.

"Kodi mayi, kwanu n'kuti?"

"Pafupi pompa. Ndikudikira mwana wanga atuluke ku sukulu."

"Dikirani, sachedwa."

Mwanayo amakhala ali mkati, imvi zili mbuu, akumeta anthu.

Sikuti masiku onse ndi osalala. Pali masiku amene a Refa amakana kusamba, kapena kuthamangitsa mlongo wawo m'chipinda pomuyesa mlendo, iye n'kukalirira ku khitchini. Zikatero a Sipoko ndi amene amalowa ndi thaulo, poti Nambala Faivi saletsedwa. Loweruka lina akuwameta ndevu, a Refa anawagwira dzanja.

"Nambala Faivi, mlongo wanga akuti wapeza mwamuna, wokonza njinga. Ukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Ndi munthu?"

"Amayesetsa."

"Kamuuze kuti akamuvutitsa, khadi ndili nayo."

A Sipoko anakafotokozera akazi awo ku khitchini. Mayiwo anaseka, kupukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, n'kunena kuti, "Mwamva nokha."

Tsopano papita zaka zitatu. Maso a a Refa saonanso thovu msanga, ndipo nthawi zina amangogwira chubu m'madzi n'kuyang'ana msewu. A Sipoko amapeza okha bowo, kuika chala cha alamu awo pamenepo, ntchito n'kupitirira. Lachitatu masana pamabwera mabanja ena anayi ochokera m'misewu yapafupi, lililonse ndi wodwala wake, ndipo namwino amadutsa kamodzi pa mwezi. Osamalira odwala amasinthana: wina akafuna kupita kumsika kapena kukangogona pang'ono, amasiya wake pa khonde. Mwini golosale amatumiza madzi otentha a tiyi osapemphedwa.

Anthu achuluka moti khonde lachepa, ndipo mvula yayandikira. Sabata yatha a Sipoko anabwera ndi malata atatu akale ndi mitengo iwiri pa njinga. Telala anabwereketsa tepi yake, wometa anagwira makwerero, ndipo amayi ake, mabatani ali pa miyendo, ankawauza kuti denga lapendekera kumanzere. Atatsika n'kuyang'ana, anapeza kuti lapendekeradi, n'kukweranso kukazula misomali.