Chaka Chimene Malume Anakonza Chowerengera Changa

Chikopa chake chinkanunkha nyumba ya eni: sopo wamaluwa, khofi, ndi kafungo ka galu wosambitsidwa. Mpaka lero ndikadutsa pamene akugulitsa zikwama zachikopa, ndimapezeka ndili pa khonde lathu ku Kawale, m'nyengo yozizira ija nditangolemba mayeso a Sitandade 8, mphepo ikuulutsa fumbi ndi majumbo mumsewu.

Chinthucho anabwera nacho ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, omwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 10. Mabwana awo pobwerera kwawo kunja anawasiyira mapoto, makatani ndi chipangizo chopyapyala chokutidwa ndi chikopa. Sichinali foni, sichinali thabuleti. Sichinkaimba nyimbo, sichinkajambula, ndipo nkhope yake inali yotuwa ngati pepala la nyuzi. Ntchito yake inali imodzi basi, kusunga mabuku. "Ichi n'cha Thoko," anatero amayi aakulu. "Ndi amene amawerenga ngakhale mapepala okulungira mandazi." Pakhomo tinkangochitcha chowerengera.

M'kati mwake munali mabuku ochuluka moti ndikamatsitsa mayina ake chala chinkatopa ndisanafike kumapeto. Ena anali a zophikaphika ndi za maluwa, a dona wa nyumba ija, koma ambiri anali nthano zazitali za ana ake. Onse anali a Chingelezi. Liwu likandivuta ndinkalisankha, ndipo dikishonale ya momwemo inkandiuza tanthauzo.

Tinkakhala pa poloti ya nyumba zalendi zoyang'anizana, mpopi umodzi pakati, zingwe zoyanikapo zovala zitapingasana pamwamba. Bambo anali ku Joni. Amayi ankalawirira kukagulitsa kaunjika m'tauni, ine n'kutsala ndi ntchito za pakhomo. M'mawa poloti yonse inkadzaza utsi wa makala ndi fungo la mbatata zophika. Ndikasesa ndi kutsuka mbale, ndinkadzifunditsa chitenje n'kukhala pakona pomwe dzuwa linkayambira kufika. Masiku amenewo ndinali m'kati mwa buku la mtsikana amene anatsika sitima mumzinda wachilendo kukafunafuna mng'ono wake wotayika. Ndinkadya naye, kugona naye, ndipo pokatunga madzi ndinkamudera nkhawa ngati mnzanga wa m'kalasi.

Chakumapeto kwa Juni chowerengera chinayamba ulesi. Ukadina batani, chinkayamba chaganiza kaye. Tsamba linkaphethira, kuda, kuyera, zilembo zakale zikuonekerabe pansi pa zatsopano ngati choko chosafufutika bwino pa bolodi. Ine sizinkandivuta kwenikweni. Ndinkaika lichero la mtedza pambali, ndikadina n'kumaswa mtedza, ndikadzutsa mutu tsamba lafika. Kudikirako kunkandipatsa mpata woganizira zimene zichitike, ndipo nthawi zambiri ndinkalakwitsa, zomwe zinkandikoma.

Ndiye kunabwera malume Dikisoni, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, kuchokera ku Blantyre kudzafuna ntchito. Anafika ndi chikwama cha laputopu chopanda laputopu, momwe ankasungamo masokosi ndi chipeso. M'khosi ankakoleka chingwe chabuluu chokhala ndi kafulashi kosungira zinthu za pakompyuta, ndipo sankachivula ngakhale popita kubafa. Anayambapo kosi ya makompyuta ku Limbe koma sanaimalize, ati chifukwa aphunzitsi ankawachitira nsanje. Kufuna ntchito kwawo kunali kugona pa sofa yathu mpaka dzuwa litatentha malata, kupolisha nsapato zawo zosongoka, n'kupita kwa ometa tsitsi pakona kukakangana za mpira. Amayi ankawatcha a Injiniya, osaseka. Sabata yoyamba a Injiniyawo anakonza wayilesi yathu, ndipo kuyambira pamenepo inkagwira siteshoni imodzi yokha. Anakonzanso ayironi ya a neba athu, Mayi Phiri, ndipo ayironiyo inayamba kuluma dzanja.

Tsiku lina anandipeza pakona panga ndikuyang'ana tsamba lomwe linali lisanafike.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani chinthu chosayenda?"

"Chikutembenuza tsamba, malume."

"Imeneyo ndi vayirasi. Bweretsa kuno."

Mwana wamkazi wolongosoka sakaniza malume ake chinthu. Ndinapereka ndi manja awiri.

Mankhwala oyamba anali mpunga. Anati chinthucho chamwa chinyezi, m'mwezi umene ngakhale milomo yathu inali itang'ambika ndi kuuma. Anachikwirira m'thumba la mpunga wa amayi n'kundiletsa kuchikhudza. Chitatuluka mmenemo chinali chaulesi ngati kale, kungowonjezera fungo la mpunga. Kenaka anati batire lazizidwa, n'kuchiika padenga kuti chiothe dzuwa, ine mtima uli m'mwamba kuopa akhwangwala. Anatsuka potchajira ndi mswachi wanga woviika mu sipiriti. Anauzira mmenemo ndi pakamwa, malovu ndi zonse. Anayesa kuchitsegula ndi mpeni wosendera mbatata, mpeni n'kuterereka, kusiya chipsera pakona. Mayi Phiri, omwe dzanja linali lisanaiwale ayironi ija, ananena kuti ku Biwi kuli anyamata okonza mafoni, bwanji osangopita nacho. Malume anaseka mokweza. Anati ana a ku Biwi amadziwa kuba zitsulo basi, iwowo anaphunzira zinthuzi m'kalasi.

Masana ankachitenga kupita nacho kwa ometa tsitsi. Ndinkawaona patali atachinyamula m'khwapa ngati abusa ndi Baibulo, akuuza anzawo kuti pali kasitomala wina wa ku Area 10 amene wawapempha kuti amuonereko. Madzulo ankachibweza chili ndi zidindo za zala zamafuta a chipisi. Ndinkachipukuta ndi chitenje n'kuba masamba angapo asanachifunenso. Mtsikana wa m'buku uja anali atapeza munthu amene anaonapo mng'ono wake. Anali atapatsidwa dzina la msewu ndi nyumba ya chitseko chobiriwira. Ine ndinali naye pamsewupo, tikuyang'ana zitseko.

Zinathera pa Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Anthu anali panja, amayi ena akuchapa pampopi, ana akudya nzimbe, amayi anga akulukitsa tsitsi pa mkeka. Malume anatulutsa mpando n'kuuika pakati pa poloti, poti ntchito yawo sinkayenda popanda oonerera. Anati apeza pomwe pabisala matenda. Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Anadina apa ndi apo, mpaka panatuluka mawu ofunsa. Anawawerenga mokweza ndi Chingelezi chawo cha m'mphuno, kuti aliyense amve kuti sukulu anapitako. Mawuwo ankati chipangizochi chibwerera mmene chinalili chili chatsopano, ndipo zonse zimene zili m'kati zichotsedwa.

"Malume, chikuti chifufuta zonse," ndinatero.

"Wa Sitandade 8 akufuna kundiphunzitsa ine Chingelezi?"

Anthu anaseka. Amayi ananditchula dzina ndi mawu aja otanthauza kuti nditseke pakamwa. Chala cha malume chinaima m'malere kanthawi, kenaka chinatsika.

Nkhope ya chowerengera inayera mbee. Kamzere kakuda kanayamba kukwawa pang'onopang'ono, malume akuuza anthu kuti imeneyo ndi vayirasi ikutuluka. Chitayaka, anadina batani, tsamba n'kutembenuka nthawi yomweyo. Anadinanso, n'kudinanso, masamba akuthamanga ngati akuthawa moto. Anaimirira n'kuzungulira poloti yonse akuonetsa aliyense, ngakhale agogo ena omwe maso anali atachita ng'ala. Zoona, chinali chisanathamangepo choncho chifikire m'nyumba mwathu.

Atandipatsa ndinapita pomwe pankakhala mayina a mabuku. Panali zinthu ziwiri: dikishonale, ndi kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka chipangizocho. Masamba amene ankathamanga aja anali a kabuku kameneko. Ndinatsitsa, panalibe chotsika. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinatembenukira kwa malume.

"Mabuku aja ali kuti?"

"Zinyalala zimenezo ndi zomwe zimachilemetsa," anatero malume akupukuta manja ngati munthu amene wamaliza kupha mbuzi. "Ndikuikira ena pa intaneti, abwino kuposa amenewo."

Amayi, mutu uli chopendekeka m'manja mwa wowaluka, anati, "Thoko, malume ako avutika nacho chinthu chimenechi. Sunena kanthu?"

Ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinagwada pa dothi lonyowa ndi madzi a sopo ochokera pampopi, pamaso pa poloti yonse, n'kunena kuti zikomo malume. Ndinali kuyang'ana nsapato zawo zosongoka zija. Chidendene chimodzi chinali chitadyeka mbali, ndipo anali atapakapo polishi kuti pasaoneke. Sindinalire. Chimene chinandigwira chinali chozizira kuposa misozi, ndipo chinali chachilendo kwa ine: kuona munthu wamkulu n'kumuona kuti ndi wochepa.

Amayi aakulu atabwera ndinawafotokozera. Anafunsa kwa mnzawo wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi ya mabwana aja, ndipo yankho linabwera loti mabukuwo anali m'dzina la dona uja, popanda iye sangabwerere. Dona anali kutsidya kwa nyanja, ndipo palibe amene anali ndi nambala yake. Dzina la buku lija sindinalisunge, poti ndinkangotsegula pomwe ndinasiyira. Mabuku a pa intaneti sanabwere. Ndikakumbutsa, malume ankati netiweki ya ku Lilongwe ndi yachibwana. Anabwereka chowerengeracho kuti aikemo nyimbo ndi mafilimu, ndipo atalephera anachiponya pa sofa n'kunena kuti azungu anatipatsa chinthu chakutha.

Masabata otsala a holide ndinawerenga dikishonale. Ndinkakhala pakona pomwe paja, mphepo ya Ogasiti ikundithira fumbi m'maso, masamba akutembenuka mwachangu chopanda ntchito. Mtedza unatha, mbatata zinayamba kusowa pamsika. Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kumene zipangizo zotere sankalola. Malume anachoka mvula isanagwe, atamva kuti ku Mzuzu kukufunika anthu odziwa makompyuta. Mtsikana uja ndinamusiya pamsewu, ndipo sindikudziwa ngati anapeza mng'ono wake.

Malume alipo. Tsitsi layera, ndipo pa maukwati ndi pa maliro a kubanja amakonda kundiloza n'kuuza anthu kuti kompyuta yoyamba ya mwana uyu anaikonza ndi iwo, n'chifukwa chake sukulu inamuyendera. Ndimawapatsa moni woyenera, ndimawapatsira madzi osamba m'manja, ndipo nkhaniyo sindiitsutsa.

Ndili mwana ndinkawanyoza chifukwa ndinkayesa kuti ndi mbuli, kuti Chingelezi cha pa chenjezo lija chinawapita pamwamba. Maganizo amenewo anali ndi kachifundo kake, poti munthu wosadziwa umamukhululukira. Ndakula, ndagwira ntchito ndi anthu ambiri a mtundu wawo, m'maofesi ndi m'misonkhano, ndipo tsopano ndikudziwa kuti anamva liwu lililonse. N'chifukwa chake chala chija chinaima. Anaona kuti mwana akunena zoona, anaonanso amayi a pampopi akuwayang'ana, ndipo anayeza ziwirizo. Mabuku onse aja anapepuka kuposa manyazi a kanthawi oti anene kuti sindikudziwa.