Waya Wofiira Pakhosi pa Mayi a Mnzanga

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti ndangopeka, koma pali Mulungu kumwambaku, palibe ndi chimodzi chomwe chimene ndawonjezera. Maina sinditchula, ngakhale la mudzi, chifukwa eni nkhaniyi alipo ndipo ena timagundana nawo mapewa pamsika.

Ine ndimakhala ku Chonde, ndipo zaka zimenezo ndinkajambula maukwati ndi zinkhoswe pa foni. Zithunzi zinkatuluka bwino ndithu, koma mawu, abale inu, munkangomva mphepo ndi ana akulira pamene ankhoswe akungoyasamula pakamwa. Tsiku lina mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, yemwe anali atakhalitsa ku Joni osabwera, anandiimbira kundipempha kuti ndipite kwawo, mudzi wina kupitirira pa Boma chakumalire uku, ndikawajambule vidiyo mayi ake kuti awaoneko nkhope, poti foni ya mchemwali wake inali ya mabatani. Anandiuziratu kuti mayiwo amalankhula motsitsa kwambiri. Apa m'pamene ndinaganiza zogula kamaikolofoni kaja kopanira pakolala.

Ndinakafika mu shopu ina ku Limbe, ndipo wogulitsa anandiyalira mitundu itatu. Kena kanali kopanda waya, koma mtengo wake nditaumva ndinangoseka. Kena kanali ka waya wakuda, kokhala ndi polowetsa mahedifoni kuti uzimva zimene ukujambula. Kachitatu, kotchipa kupambana tonse, kanali ndi waya wautali, woonda, wofiira moonekera mkati. Ine ndine munthu woumira, mkazi wanga amanena kuti ndikhoza kusenda nsabwe kuti ndigulitse chikopa, ndiye ndinaloza kofiirako. Wogulitsa uja anafuna kuti tikayese kaye andionetse kagwiridwe kake ka ntchito, koma ndinamudula kuti ine zamafoni ndinayamba kale iye asanamere mano. Safunsa anadya phula. Kunyumba ndinakayesa ndithu, mawu ankamveka bwino, koma nthawi zonse ndinkayamba ndazula waya n'kuupinda ndisanamvetsere, moti panali kanthu kena kamene sindinakadziwe.

Iyo inali nyengo ija imene mphekesera za anamapopa, aja amati amapopa anthu magazi, zinali ponseponse m'boma lathu lino, mlendo aliyense wonyamula chikwama akuyang'anidwa ndi diso lofiira. Mkazi wanga anandiletsa, koma ndinamuyankha kuti ndikupita masanasana ndipo ndine mwana wa m'boma lomweli, angandichite chiyani ndani?

Ndinatsika minibasi pa Boma, n'kukwera kabaza kudutsa m'minda ya tiyi, ndipo ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mayiwo ndinawapeza okha pakhonde, atatsamira khoma, owonda, milomo yotuwa. Mchemwali wa mnzanga uja anali atalawirira kudimba, ndipo uthenga woti ndikubwera sunamufike chifukwa foni yake inali itathima masiku awiri. Nditawaonetsa chithunzi cha mwana wawo anandilandira ndi manja awiri. Ndinawapanira kamaikolofoni kaja pakolala ya bulauzi, pafupi ndi khosi, ine n'kukhala pampando chapatali pang'ono, waya uli tantha pakati pathu mpaka pa foni. Analankhula kwa kanthawi ndithu, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, ine osamvetsera kwenikweni poti maso anga anali pa chithunzi kuti chisagwedere. Kenaka mawu anayamba kuzilala, mutu unapendekeka, ndipo anagwera chammbali ngati thumba lopanda kanthu.

Ndinadzambatuka kukawagwira, foni ili m'manja, ndipo nthawi yomweyo m'pamene mchemwali uja anatulukira kuseri kwa nyumba atasenza mtolo wa ndiwo. Taganizani zimene anaona: mayi ake ali kwala pansi, maso atatembenuka, munthu wosamudziwa atawaweramira, ndi kachingwe kofiira konga paipi ya dilipi kochokera pakhosi pawo kulowa m'kachipangizo. Inuyo mukanaganiza chiyani? Mkuwo umene anakuwa ndimaumvabe mpaka lero.

Sindikudziwa kumene anthu aja anachokera. Mudzi unali zii, koma kuphethira kamodzi bwalo linali litadzaza, amuna ndi zikwanje ndi mipini, amayi ndi miyala m'manja. Ndinayesa kutchula dzina la mnzanga, koma wina anakuwa kuti anamapopa amayamba afufuza maina a pakhomo asanabwere. Mwala woyamba unandipeza kuseri kwa khutu, magazi n'kuyamba kuyenderera m'shati, ndipo ndinamva mawu a munthu akutuma anzake kuti akapope petulo m'njinga yamoto. Abale, mantha ndi chinthu china. Ndisabise, ndinadzikodzera pamaso pa anthu onsewo. M'mutu mwanga munkangobwera nkhope ya mwana wanga wamkazi amene anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Panali bambo wina wachikulire wovala magambuti a ku esiteti, amene anakweza dzanja n'kunena kuti ngati ndikuti ndimajambula mawu, ndiwamvetse anthu mawuwo, akapanda kumveka iye asamba m'manja. Ndinathokoza mumtima, ndinatsegula vidiyo ija, n'kukweza foni m'mwamba. Chithunzi chinaoneka, mayi aja akugwedeza milomo, koma mawu kunalibe. Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto, koma zii. Ndinayambitsanso, zii. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kamaikolofoni kotchipa kaja kakakhala kobaya, foni imayesa kuti mwalowetsa mahedifoni ndipo imatseka sipika. Waya anali atauchotsa kale pakhosi pa mayi aja, koma ku foni unali ukadali wolowetsa, ukulendewera. Mayi wina anafuula kuti taonani wawapopa ndi mawu omwe, ndipo bambo wa magambuti uja anangotembenuka n'kuyang'ana kumbali. Fungo la petulo linandifika m'mphuno.

Amene anandipulumutsa ndi munthu amene ankafuna kundipha. Mwamuna wina wamphamvu zake anandigwetsa pansi, n'kutsomphola waya uja kuti andimangire manja kumbuyo, ndipo utangozuka, foni ili pafumbi inayamba kulankhula mokweza. Anali mawu a mayi aja, omveka bwino ngati ali pakhutu pako, akumuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana. Anthu ena anabwerera m'mbuyo ndi mantha, koma mchemwali uja anagwada n'kutola foniyo. Mayiwo ankamuthokoza mwana wawo powatumizira mnzake waulemu, kenaka n'kumuuza chinsinsi, kuti kuyambira nthawi yokolola akhala akuchita chizungulire n'kumagwa okha m'nyumba, kawiri konse anakomoka kubafa, koma amamubisira mlongo wakeyo poopa kumuonjezera mavuto, ndiye abwere msanga akadali ndi maso.

Mchemwali uja anayamba kulira. Palibe anapepesa. Miyala inkangogwa pansi umodziumodzi, anthu n'kumazemba, ndipo bambo wa magambuti uja anandidzutsa, kundibwezera foni yanga, n'kundiuza motsitsa kuti ndinyamuke pomwepo mitima isanatembenukenso. Mayi aja anali atatsitsimuka atawathira madzi, ndipo njinga yomwe ija imene anaipopa petulo anaithiranso petuloyo kuti iwatengere kuchipatala. Ine ndinayenda wapansi m'minda ya tiyi, shati ili magazi okhaokha, ndikucheuka pa sitepe iliyonse.

Mwina mukuganiza kuti nkhani inathera pabwino. Kuchipatala atawayeza anapeza kuti mayiwo magazi anali ochepa kwambiri m'thupi, matenda amene anali atawadya kwa miyezi, koma mawu akuti magazi ochepa atafika kumudzi kuja, mukudziwa kale mmene anthu anawamvera. Patatha milungu itatu anamwalira. Mchemwali uja ananditumizira uthenga kuti iye alibe nane chifukwa, koma ndisayerekeze kupita kumaliro. Mnzanga uja anabwera mochedwa, anapeza ataika kale, ndipo vidiyo ija, yomwe ndinamutumizira, ndi yokhayo imene anatsala nayo. Anandiimbira kundithokoza, tinacheza bwinobwino, koma chakumapeto anandifunsa mwaulemu, ngati akuchita manyazi, kuti kodi kawaya kaja kamangotenga mawu okha basi. Munthu wophunzira, amene tinkagona chipinda chimodzi kusukulu! Funso limenelo linandipweteka kuposa mwala uja, ndipo kuyambira tsikulo sitinalankhulanenso.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti anthu aja sanali zilombo, anali anthu amantha, ndipo munthu wamantha akakhala pagulu amapha mosavuta kuposa mfiti. Ndikunena izi chifukwa ndikudzidziwa. Sabata imodzi izi zisanandichitikire, kwathu ku Chonde kunamveka mkuwo wothamangitsa mlendo wina wa chikwama, ndipo ine ndemwe ndinathamanga nawo, theka la njerwa lili m'manja, osafunsa n'komwe kuti walakwanji. Anatipulumuka polowa m'galimoto ina, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudandaula kuti watiphonya.

Ndiye inu ojambula, chipangizo chilichonse chimene mwagula, chodula kaya chotchipa, lolani wogulitsa akuonetseni zonse, ndipo mukafika pakhomo pa eni, yambani mwaitana achibale ndi oyandikana nawo, alankhulepo okha, adzimve okha, musanachiike pathupi pa munthu. Ndipo nonsenu, tsiku limene mudzamve mkuwo kuti gwirani uyo, dzanja lanu likadzayamba kufunafuna mwala, mudzayambe mwamufunsa munthuyo kuti ndi mwana wa yani, chifukwa ine ndinakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo amene ali pansiyo amakhala akukuonani nkhope.