Tsiku Limene Yudasi Anathamangitsa Galu

Ndikukumbukira Pasaka woyamba titalandira ufulu, kukomboni kwathu ku Twapia, pamene anandisankha kukhala Yudasi m'sewero la kutchalitchi. Ana onse anakana. Ine anandipatsa chifukwa ndinali nditamenya kale anyamata awiri a Sande sukulu.

Vuto linabuka pa imfa yanga. A Tembo, mkulu wa mpingo, anatsegula Mateyu n'kunena kuti Yudasi anadzimangirira. A Zulu, mkulu mnzawo, anatsegula Machitidwe, amvekere ayi, anagwa chamutu mimba n'kuphulika. Anakangana milungu iwiri, aliyense chala chili pa vesi lake, ine ndili chilili osadziwa kuti ndife bwanji.

Amene anawagwirizanitsa ndi abusa. "Akuluakulu, Mawu satsutsana. Anadzimangirira, chingwe chinaduka, anagwa, anaphulika. Wina analemba poyambira, wina pothera. Mwanayu achite zonse."

Zonsezo zinkafuna matumbo. Atate ankagwira ntchito kumgodi ku Kitwe, ndipo anali atabwera ndi phukusi la matumbo a ng'ombe. Amayi anabwereketsa monyinyirika. "Iwe, imeneyi ndi ndiwo ya Pasaka ya nyumba yonse. Abwere onse. Akaperewera, usalowe muno."

Anandimanga chingwe m'khwapa n'kundikweza pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Matumbo anali m'malaya, ozizira, oterera, ntchentche zikundiimbira nyimbo. A Tembo anawerenga vesi lawo ine ndikulendewera. A Zulu anadula chingwe, ine pansi khu! Ndinamasula mabatani, matumbo khuthu! Azimayi anakuwa. Akulu awiri aja anagwirana chanza pamwamba pa mtembo wanga.

Ndinagona zii, mpaka ndinamva mpweya wotentha pamimba. Kutsegula diso limodzi, galu wa kumsika akukoka ndiwo yathu.

"Gona iwe, wafa!" ananong'ona a Tembo.

Kufa ndinafadi, koma amayi ndinkawadziwa. Ndinadzambatuka, chingwe chikukwekwereka kumbuyo, n'kuliyatsa liwiro ndikutukwana m'Chibemba. Mayi wina anafuula, "Mwebantu! Yudasi wauka Yesu asanauke!" Mnzanga amene anali Yesu anaseka mpaka mtanda kugwedera.

Galuyo ndinamupeza pangalande. Tinakokanakokana, iye anapita ndi theka, ine theka. Amayi anatambasula otsalawo, kuwayang'ana, kundiyang'ana ine. Anandilola kulowa, koma tsiku la Pasaka m'mbale yanga munali msuzi wokhawokha. "Gawo lako wadya mnzako uja."

Masiku ano Yudasi wa ku Twapia amangopita kuseri kwa nsalu, wina n'kulengeza kuti wafa. Palibe wofunsa kuti wafa bwanji, ndipo anawo sadziwa n'komwe kuti mavesi alipo awiri. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma awiri amenewa ndinawaphunzira ndi msana komanso mimba. Anzanga a kuntchito akati Baibulo limadzitsutsa, ndimawafotokozera mofatsa za chingwe chija. Koma wina akayamba kufunsa za galu, ndimavula jekete n'kukunga zibakera.