Chipilala cha Ithappa pa Depoti ya Mabasi

Ithappa Salian ankalemba zikwangwani m'katauni kena m'boma la Kasaragod, pamene msewu wa phula umathera m'minda ya kokonati. Sukulu anailekeza ali kalasi yachisanu, koma zilembo ankazidziwa zamitundu itatu: za Chimalayalamu ndi za Chikanada, zilankhulo ziwiri za m'deralo, komanso za Chingerezi. Dzina la sitolo ya nsalu, la lesitilanti, ngakhale maluwa a kumbuyo kwa malole, zonsezo linali dzanja lake. Malaya ake analibe opanda madontho a penti, moti mkazi wake Jalaja anachita kutopa nako kudandaula.

Ithappa atayamba imvi, khonsolo inamanga kadepoti ka mabasi pomwe phula limathera, ndipo ntchito yolemba chikwangwani anapatsidwa iyeyo. Mavuto anayambira pomwepo. M'komiti munali Kelu, wogulitsa tiyi, wolankhula Chimalayalamu, ndi Shankara, mphunzitsi wopuma ntchito, wolankhula Chikanada. Awiriwa anakulira limodzi ndipo minda yawo inagundizana malire, koma sankagwirizana ngakhale pa nkhani ya tsiku limene mvula idzayambe.

"Dzina likhale la chilankhulo chathu, ndipo likhale pamwamba," anatero Kelu.

"Pamwamba inuyo?" anayankha Shankara. "Achimwene, mumatha kuwerenga n'komwe? Mitengo ya tiyi pakhoma lanu anakulemberani ndi Ithappa yemweyu."

"Koma tiyiyo mumamwa tsiku lililonse, aphunzitsi, mpaka kunyambita kapu."

Milungu itatu inatha bolodi lili mbee. Ithappa akalemba ndi choko mawu a Kelu pamwamba, Shankara ankabwera ndi ambulera yake n'kumaloza. Akatembenuza, Kelu ankasiya ketulo pamoto n'kuthamangira komweko.

"Bambo a Sumathi, mpunga ukuzizira," ankatero Jalaja, mwamuna wake akusinkhasinkha za bolodilo. "Alembereni onse awiriwo nyuzipepala, akawerenge kwawo."

Tsiku lina Ithappa anaitanidwa kukakonza chikwangwani cha patchalitchi. Wansembe wake anali Bambo Serrao, nkhalamba yokonda macheza, ndipo anakokera mpando pansi pa makwerero kuti amve nkhani yonse ya mkangano wa padepoti.

"Nanga madalaivala malowo amawatcha chiyani?" anafunsa wansembeyo.

"Amangoti teminolo, bambo."

"Onse?"

"Onse. Kelu amatero, Shankara amateronso akaiwala kuti ndi mphunzitsi. Koma ndi Chingerezi chimenecho."

"Angerezi anachita kubwereka," anatero Bambo Serrao akuseka. "Mawuwo ndi achilatini, terminus. Unali mwala umene Aroma ankazika m'malire a minda. Kenako chilichonse chokhala ndi pothera chinayamba kutchedwa ndi mawu omwewo. Apwitikizi ali nawo, Ajeremani ali nawo, Arasha ali nawo. Ana akamasangalala kuti teremu yatha, ndi mwala womwewo. Ndipo kamodzi pachaka eni minda iwiri ankakumana pamwalapo, aliyense n'kukongoletsa mbali yake ndi maluwa, kenako n'kudyera limodzi."

Ithappa anatsika pamakwerero burashi ikudontha. Za Arasha sanazisamale. Chimene chinamugwira mtima chinali chakuti mwalawo unali ndi mbali.

M'mawa mwake anabweza bolodi ku khonsolo, n'kupempha amisiri amene ankamaliza khonde la depoti kuti amuumbire chipilala cha simenti cha mbali zitatu, pakati pa bwalo pomwe mabasi amatembenukira. Chitauma anachikulunga ndi masaka, ndipo anagwira ntchito masiku anayi osalola munthu kusuzumira. Mbali iliyonse analembapo mawu amodzi omwewo, teminolo, m'zilembo zake, pamsinkhu wofanana ndendende. Anachita kuyeza ndi chingwe.

Tsiku lotsegulira, Kelu ndi Shankara anazungulira chipilalacho kawiri, wina kumanja wina kumanzere, kufunafuna cholakwika.

"Mbali yathu yayang'ana kumene amamangirira mbuzi," anatero Shankara pomaliza.

"Basi imazungulira, aphunzitsi," anayankha Ithappa. "Wokwera aliyense aziona mbali zonse. Mbuzi zokha ndi zimene ziziwerenga Chikanada tsiku lonse, ndipo mwina ziphunzira msanga kuposa ana amene munkawaphunzitsa."

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo Shankara, atayesa kulimba nkhope, anaseka nawo. Kelu anathamangira kukagula nkhata ya maluwa n'kukoleka mbali yake. Shankara sakanalola kuposedwa, anagula ziwiri. Mbali ya Chingerezi inatsala yopanda kanthu mpaka Jalaja anachotsa maluwa m'tsitsi lake n'kuwaika pamenepo, akuti imamvetsa chisoni. Madzulo ake onse anadya zitumbuwa za nthochi pabenchi la Kelu.

Patapita zaka zochepa, masitolo anayamba kuitanitsa zikwangwani zosindikiza pamakina, ndipo manja a Ithappa anayamba kunjenjemera. Anagawa maburashi ake kwa mwana wake Sumathi, amene ankaphunzitsa zojambulajambula pasukulu ya pulayimale. Ithappa mwiniwake anagula mabokosi awiri a njuchi n'kuwaika kuseri kwa nyumba. Zinamuluma kangapo chaka choyamba, koma uchi wake unali wabwino, ndipo madalaivala ankautenga popita nawo kwa akazi awo m'tauni.