Mapiritsi Anayi Amene Ndinawamwetsa Bambo

Kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ntchito yanga inali kusesa pachipatala ndi kuitana mayina a odwala. Basi. Koma titabwerera kwathu ku Milange nkhondo itatha, ndinafika ndi botolo la asipirini ndi matama odzaza dengu. Anthu ankabwera kwa ine ndi mutu, ena ndi msana, ndipo sindinawauzepo kuti chimene ndinkachidziwa bwino ndi tsache.

Tsiku lina m'mawa, tikukweza mtanda wa denga la nyumba yathu yatsopano, bambo anausiya n'kugwira mutu. Anati mutu wotere sanaumvepo chibadwire. Anasanza, pakamwa panakhota, dzanja lamanja linangoti lende. Ine ndinali nditamvapo anamwino akukampu akunena kuti wodwala sitiroko amapatsidwa asipirini. Ndinasungunula mapiritsi anayi m'madzi n'kuwamwetsa pang'onopang'ono, mayi akundiyang'ana ndi chikhulupiriro chonse.

Kuchipatala cha paboma tinafika dzuwa litapendeka, bambo ali pamachira. Namwino wake anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawaunika m'maso, anayesa kuwapinda khosi. Kenaka anatembenukira kwa ine. Zinayamba akuchita chiyani? Anadandaula mutu? Anasanza? Ndinayankha zonse monyadira, ngati tikukambirana anthu a ntchito imodzi.

"Matendawa ali pawiri, mwananga," anatero namwinoyo. "Pena mtsempha wa m'mutu umatsekeka. Zimenezo kawirikawiri zimabwera mwakachetechete, munthu kungodzuka mbali imodzi itafa. Pena mtsempha umaphulika, magazi n'kumatayikira mkati. Makina oonera m'mutu kuno tilibe, ndiye timadalira zimene mwaona inu eni ake. Zimene wanenazi zikuloza kophulika. Asipirini amathandiza kotsekeka, koma apa angawonjezere kutaya magazi. Mwawapatsa mankhwala alionse?"

Mayi anga anali atatuluka kukatunga madzi. Botolo linali m'thumba la buluku langa, ndipo ndinalifinya ndi dzanja kuti mapiritsi otsala asachite phokoso.

"Ayi, senyora," ndinayankha, ndikumulemekeza m'Chipwitikizi.

"Mwachita bwino," anatero, n'kulemba papepala.

Ndakalamba tsopano, koma ndikakumbukira mawu awiri amenewo manyazi amandigwirabe ngati dzulo. Sindinaope kuti bambo afa ayi, panthawiyo ndinaopa kuti namwino uja adziwa kuti ndine mbuli. Masiku awiri ndinamuona akudutsa pakhonde, ndipo kangapo konse ndinaimirira kuti ndimuuze, n'kukhalanso pansi.

Bambo anamwalira tsiku lachitatu. Kaya mapiritsi aja anafulumizitsa imfa yawo, kaya akanapitabe, sindidziwa. Munthu amene akanandiuza ndi yemwe ndinamunamiza.

Pamaliro, mayi anandikokera pafupi pamaso pa azimayi anzawo a kutchalitchi. "Bambo ake sanapite osamwa mankhwala," anawauza. "Mwana wangayu anawamwetsa ndi dzanja lake." Azimayiwo anabwera mmodzimmodzi kudzandigwira chanza, ndipo ine ndinapereka dzanja kwa onsewo.