Kupepesa Maliro a Kutsidya kwa Nyanja

Kwawo ankati ndi tchuthi cha nyengo yotentha, ndiye achinyamata akunjawo anatsika ndege atavala makabudula ndi timalaya topanda mikono. Kuno unali mwezi wa Julayi. Mphepo ya pa Nathenje inawalandira m'mawa woyamba mpaka milomo kuyera, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kuwatsogolera kumsika kukasankha majuzi pa kaunjika. Mnyamata wina anatola juzi lolembedwa dzina la tauni yakwawo, nayamba kukuwa ngati wakumana ndi mbale wake. Wogulitsa anakweza mtengo pomwepo.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, sukulu ya pulayimale itangokhala yaulere. Ana anasefukira m'makalasi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Bungwe lina linkabweretsa achinyamata akunja, a msinkhu wa kusekondale, kudzaumba njerwa pamodzi ndi anthu a m'mudzi kwa masabata angapo. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4. Anandilemba ntchito yomasulira ndi kuyang'anira atsikana: kuwadzutsa, kuwaonetsa kumanga chitenje choti chisagwe pamjigo, kuwakumbutsa kulandira chinthu ndi manja awiri. Tinkagona m'kalasi, pa matiresi oyala pansi. Sindinali wolankhulalankhula, ndipo sindidziwa chimene anandionera. Mwina n'chakuti ndinkadikira munthu amalize mawu ake.

Mtsogoleri wa gululo anali mayi wachizungu wa mtima wabwino, wosasiyana ndi wezulo pakhosi. Azimayi a pamjigo ankangoti amayi a wezulo. Tsiku lachiwiri anatiitanira pambali ife antchito.

"Mtsikana wamtali uja, wa tsitsi lofiirira, mayi ake anamwalira miyezi yochepa yapitayi. Bambo ake amutumiza kuno kuti aiwaleko. Ndinawalonjeza kuti palibe adzatchule nkhaniyi. Chonde, pasapezeke woitchula."

Anzake onse ankadziwa. Wina akayamba kuti, "Mayi anga akamaphika," ankadukiza panjira, onse n'kuyang'ana pansi. Mtsikanayo ankaona zonsezo. Ankaponda dothi kuposa anyamata, ankanyamula chikombole mpaka manja kutuluka matuza, koma pa chakudya ankangotosa pang'ono n'kupita kukatsuka mapoto. Anzake akakhala bwalo kuimba ndi gitala, iye ankapeza chochapa. Zimenezi sindinachite kuuzidwa tanthauzo lake. Makolo anga anamwalira motsatizana ndili Sitandade 2, ndipo nanenso ndinakulira kuseri kwa nyumba, ndikutsuka mbale zoyera kale.

Posakhalitsa chitenje chinayamba kumukulira m'chiuno. Amayi a wezulo anandiuza kuti, "Sakudya. Kumapeto kwa sabata ino aliyense akacheza ku banja lina la kumudzi. Akabwerako ali chimodzimodzi, ndimukweza ndege abwerere kwawo."

Ine ndinkadziwa kuti kwawoko sakukufuna. Anali atandiuza tsiku lina tikupopa madzi, osandiyang'ana: "Kunyumba kuli zii. Bambo anachotsa zithunzi zonse pakhoma." Choncho ndinapempha kuti ndipite naye kwathu, ku Mitundu.

Agogo anga ankagulitsa matemba ndi fodya wa m'mphuno pamsika. Anali aafupi, a pakamwa pakuthwa, oti wailesi ikanena zosawakomera ankaiyankha. Lole ya bungwe itatitsitsa Lachisanu masana, anatiyalira mphasa, nayang'ana mlendoyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ameneyu mapapaya amathyola ataimirira. Tamufunsa, wayenda bwanji?"

Ndinamasulira. Anati wayenda bwino.

"Nanga kumudzi wasiyako bwanji? Amayi ali bwanji? Abambo? Ang'ono ake?"

M'malo momasulira zimenezo, ndinamufunsa mtsikanayo ngati fumbi lamuvuta panjira. Anati ayi.

"Akuti onse ali bwino, agogo."

Agogo anakoka fodya m'mphuno, maso ali pa ine.

"Iwe, ine ndafunsa za mtundu wonse, iye wayankha liwu limodzi. Tabwera kukhitchini kuno."

Kumeneko ndinawauza zonse.

"Ndiye kumene mukukhalako mwamupepesa?"

"Anatiletsa. Akuti akufuna aiwale."

"Aiwale mayi wake? Ndi ambulera kodi, yoiwala m'basi?"

"Agogo, chonde. Andichotsa ntchito."

"Mwana wa munthu ukugona naye chipinda chimodzi, maliro ali pachifuwa, inu n'kumamuimbira gitala. Ndinalera munthu ine kapena mbuzi?"

"Ndi lamulo lawo, agogo."

"Lamulo lawo lili ku Nathenje. Pano ndi pakhomo panga."

Anamanga mpango kumutu, natuluka kulowera kwa anansi. Ndinatsala ndikuthira mchere m'ndiwo zothira kale.

M'mawa mwake, dzuwa litangoyamba kufunda, azimayi anayamba kufika. Panalibe wa odi wokweza mawu. Wina anabwera ndi mbale ya ufa, wina nkhuni, wina mbatata zomanga pachitenje. Anakhala pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula, ali phee. Mtsikanayo anasuzumira pazenera.

"Kuli msonkhano?"

Ndikanatha kunena kuti ndi a kwaya. Koma ndinati, "Agogo adziwa za mayi ako. Ndawauza ndine. Kuno munthu akaferedwa, anthu amabwera kudzakhala naye. Awa abwerera iwe. Ngati sukufuna, ndikawauza kuti mutu ukukupweteka."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Ndinaona ndege ija m'maganizo, iye ali pazenera yekha. Anagwira chitseko.

"Koma mayi anga sankawadziwa."

"Sankawadziwa."

"Ndiye ndikanene chiyani?"

"Palibe. Ukangokhala."

Anamanga chitenje chake, mopendekeka monga mwa masiku onse, natuluka.

Anamugwira dzanja mmodzimmodzi. "Pepani." "Pepa, mwanawe." Kenaka panakhalanso chete, nkhuku zikupalasa pabwalo. Patapita nthawi, mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu anafunsa monga afunsira pamaliro paliponse: "Matendawo anayamba bwanji?"

Ulendo uno ndinamasulira liwu ndi liwu.

Anayamba motsitsa mawu, akuyang'ana zala za kumapazi. Anati anayamba ndi kutopa. Kenaka chipatala, mankhwala othothola tsitsi, mayi ake n'kumaseka okha pagalasi akuyesa mipango. Tsiku lomaliza iye anali kusukulu akulemba mayeso a masamu, ndipo panalibe anamuitana, poopa kumusokoneza. Atawaika m'manda anthu anadya, n'kubalalika tsiku lomwelo. Lolemba anapita kusukulu, aphunzitsi n'kumamumwetulira patali.

Iye akanena, ine ndinkanena. Azimayi ankavomera: "Ayi ndithu." "Ha, mwana iwe." Atayamba kulira panalibe anamuuza kuti atonthole. Mayi amene anali naye pafupi anangomukokera mutu paphewa, wina nayamba nyimbo ya kumpingo chapansipansi.

"Dzina lawo anali ndani?" anafunsa mayi wachikulire uja.

Analitchula. Azimayi anayesa kulibwereza, aliyense kulipotoza mwa njira yake. Iye ankawakonza, misozi ili m'masaya, akuseka. Pambuyo pake anandiuza kuti chiikire maliro anali asanalimvepo dzinalo likutchulidwa mokweza.

Agogo anali asanalankhule. Anakonza pakhosi.

"Muuze kuti amene akumumasulirayu, mayi wake ndinabereka ine, ndinamuikanso ine."

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo m'Chingerezi, ndipo anatuluka movuta. Mtsikanayo anandigwira pamkono. Agogo anatembenukira kukhoma, n'kumati fodya wa masiku ano ngwoyabwa m'maso.

Ndiye mayi wina, wodziwika mudzi wonse ndi mafunso, anasendera pafupi.

"Nanga bambo akewo, apeza kale wina?"

"Inu," anatero agogo, "mukufuna akutengeni ndinu? Ndi mano awiriwo?"

Khonde lonse linaphulika. Mtsikanayo anandikoka chitenje kuti ndimasulire, ndipo nditatero anaseka mpaka kutsamwa. Mbatata zitapsa tinadyera tiyi wopanda shuga, poti anali atatha. Iye anadya, natenganso, natenganso.

"Uyu ndi amene mumati sadya?" anafunsa agogo. "Tabisako za mawa."

Lamulungu pobwerera, m'lole, ndinkakonza mawu okanena. Sanafunike. Titangotsika, mtsikanayo analunjika kwa amayi a wezulo, ndipo anakhala nthawi yaitali pambali pa njerwa zoyanika. Kenaka amayiwo anandiitana ine.

"Ndinakuuza chiyani?"

"Munandiuza, mayi. Nanenso ndinawauza agogo."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati lamulo lanu lili ku Nathenje."

Anaseweretsa wezulo m'manja. Maso anali ofiira, ndipo sindinadziwe ngati ndi mkwiyo.

"Ndinalonjeza bambo ake. Ndikawaimbira foni mawa, ndikawauze ndekha." Kenaka anafunsa, "Akuti anadya?"

"Mpaka agogo anabisa mbatata."

Mtsikanayo sanakwere ndege. Anakhala mpaka tinapanga uvuni, tinaotcha njerwa, iye ali m'gulu la osonkhezera moto, nkhope yonse mwaye. Sikuti zonse zinatha. Masiku ena ankasiya chikombole n'kukhala pansi kulira, poyera, osathawiranso kumapoto. Anzake poyamba ankangoima ngati mitengo. Tsiku lina mnyamata wa juzi uja anavula chipewa, nakhala pambali pake, miyendo atatambasula, osanena kanthu. Sindikudziwa anamuuza ndani.

Ntchitoyo ndinaigwira zaka zingapo, ndipo nkhope zambiri zinasakanikirana m'mutu mwanga. Koma ndimakumbukira chaka chotsatira, gulu latsopano litangobwera kuchokera ku kaunjika, amayi a wezulo akundiitanira pambali.

"Mnyamata wa magalasi uyo, bambo ake anamwalira chaka chino. Ndalankhula ndi mayi ake, avomera. Agogo ako ali ndi malo?"

Loweruka ndinakawapeza agogo pamsika, akuthamangitsa ntchentche pa matemba.

"Abwere," anatero. "Koma ukawauze amayi ako a wezulowo atumize shuga. Azimayi aja sangamwenso tiyi wosatsekemera kawiri chifukwa cha maliro a kunja."