Trauti Amene Ndinamubweza M'madzi

Ntchito yanga yoyamba ku Perth ndinaipezera kutchalitchi ku Balga, nthawi ya Kovidi. A Zulu, bambo a ku Chipata, anandiona ndikusokerera batani pa jekete la mwana wina, n'kundifunsa amene anandiphunzitsa kugwira singano. Ndinati agogo, amene anandilera makolo atamwalira. A Zuluwo ankamanga nyambo zowedzera nsomba za trauti m'galaja mwawo ku Midland, ndipo sitolo ina inkawapanikiza poti katundu wakunja sankafika.

Anandipatsa vayisi yopanira mbedza, ulusi, kasizasi, nthenga za tambala ndi ubweya wa gwape. Tinkatsanzira kadisi, kachilombo kotuwa kamene kamakulira pansi pa miyala mumtsinje n'kutuluka chigulu kuzizira kukamatha. Trauti amakakonda ngati mmene ife timakondera inswa. Umakulunga thupi ndi ulusi, kuzunguliza nthenga, kenako n'kugoneka ubweya pamwamba ngati denga la udzu kuti nyamboyo iyandame.

Mwini sitolo, mzungu wachikulire, ankakayikira nyambo za munthu watsopano. Anati akaziyesa yekha, ndipo zikapanda kugwira nsomba, a Zulu afune wina. Mu Okutobala tinapita naye kumtsinje wina kum'mwera. Anaponya tsiku lonse, nsomba osadya. A Zulu ankangocheza, ine ndili pamwala, maso pamadzi. Dzuwa litapendeka makadisi anayamba kutuluka, ena kumakwawa pamkono panga, madzi n'kumachita ngati akuwira. Mwini sitolo uja anaponyanso. Nyambo yanga inayandama pang'ono, n'kumezedwa.

Nsomba yake inali yonona, yamawangamawanga. Ndinali nditayamba kale kuganiza za tomato ndi anyezi pamene mkuluyo anachotsa mbedza n'kundiuza kuti ndinyowetse manja, ndiibweze m'madzi.

"Amalume, ndiwo zonsezi titayedi?" ndinanong'oneza a Zulu.

"Manje iwe ufuna ndiwo olo nchito?" anatero akuseka. "Mukazidya zonse lelo, mailo azagula nyambo ndani?"

Ndinagwada, n'kuigwirira m'madzi mutu utaloza kumtunda mpaka inapezanso mphamvu. Inandimenya ndi mchira n'kupita. Tisanakwere galimoto, mkuluyo anati ndimumangire makadisi a nyengo yonse, ndipo a Zulu anaimba njira yonse yobwerera.

Ndinaphunzira kuti pantchitoyi imatidyetsa ndi nsomba yamoyo. Mpaka lero ndimazibweza, ngakhale kuti nthawi iliyonse malovu amandidzaza m'kamwa.